Ulendo wa ku Mzuzu ndi makina osokera

Lolemba, pa msewu wa M1

Ndinanyamuka ku Lilongwe kunja kutangoyera, nditatenga chikwama cha zovala ndi makina anga osokera apamanja amene ndinawakulunga m'zitenje ndi kuwamanga ndi linya. Kondakitala ankafuna kuti makinawo alowe kunsi kwa basi pamodzi ndi matumba a chimanga, koma ndinamupempha mwaulemu kuti andilole kuwaika pamiyendo, popeza ndiwo amene andidyetsa ine ndi ana anga kuyambira pamene bambo awo anatisiya. Anandilola popanda kundiwonjezera mtengo, ngakhale kuti mtengo wa basiwo unali utakwera kale kuposa umene ndinauzidwa mwezi watha.

Wandiitana ndi mwana wa achimwene anga, amene akuphunzira pa Mzuzu University. Iye ndi anzake ali ndi kagulu kawo kamene kamayendera atsikana osiya sukulu, ndipo anandipempha kuti ndikawaphunzitse kusoka mapadi ochapa. Pafoni anandiuza kuti, "Azakhali, ana ambiri amajomba akakhala kumwezi, ndipo akajomba mwezi ndi mwezi amatsalira m'mbuyo mpaka amangosiya. Inu luso muli nalo, ife tili ndi ana." Sindinapeze chifukwa chokanira.

Mpaka ku Kasungu msewu ndinkaudziwa. Titadutsa pa Jenda, pamene apolisi anatiimitsa kanthawi ndipo amayi ogulitsa tomato ndi mbatata anazinga mawindo, dziko linayamba kusintha. Basi inayamba kukwera mapiri a Viphya, ndipo pofika ku Chikangawa chifunga chinali chitatseka msewu moti magetsi a galimoto yobwera kutsogolo ankangoonekera itafika kale pafupi. Ndinachita mantha, makamaka pamene tinkapishana ndi malole onyamula matabwa m'makona. Mayi wina wachikulire amene ndinakhala naye mpando umodzi ataona kuti ndikunjenjemera anandifunditsa shawelo yake, nandipatsa chinangwa chophika ndi tiyi wa m'fulasiki. Atamva za ulendo wanga anakhala chete pang'ono, kenako anati iye analekezera Sitandade 5 chifukwa abambo ake anali ndi ndalama za fizi za mwana mmodzi yekha, ndipo anasankha mlongo wake. Izi zinali pulayimale isanakhale yaulere mu 1994. Anatsikira panjira tisanalowe mu mzinda, ndipo shaweloyo anaitenga nditamuthokoza kwambiri.

Ndinafika madzulo miyendo itachita dzanzi chifukwa cha kulemera kwa makina. Mlamu wanga anali atanditenthetsera madzi osamba.

Lachiwiri, mu msika

Kuzizira kwa Mzuzu mwezi wa Juni n'kosiyana ndi kwathu, chifukwa kumabwera ndi mvula yowaza imene imanyowetsa munthu asakudziwa. Tinakwera kabaza kupita m'tauni kukagula zipangizo: nsalu ya flanelo yofewa, matawelo opyapyala oika pakati, pulasitiki wofewa wotchinga kuti zisadutse, ulusi, mabatani omata ndi masingano. Ku Taifa, kumene kuli nsalu zambiri zochokera ku Tanzania, ndinanenerera mtengo mpaka wogulitsa anandifunsa ngati ndikutsegula shopu. Mwana wa achimwene atamufotokozera, bamboyo analowa kuseri ndi kutuluka ndi thumba la zidutswa za nsalu zotsala, natipatsa ulere. Anati ali ndi ana aakazi atatu.

Ndalama zogulira zonsezi atsikanawo anasonkherana okha. Ena amaluka tsitsi la anzawo ku hositelo, ena amakazinga mandasi, ndipo wina amachotsako pa ndalama yake ya chakudya. Mwana wa achimwene ankawerenga ndalamazo mosamala ndi kulemba chilichonse m'kope, ngakhale ya kabaza. Anandikumbutsa kuti mu 2022 boma linachotsa msonkho pa mapadi a m'sitolo, komabe kwa mwana wa kumudzi amene kwawo akusowa ndalama ya mchere, paketi imodzi pamwezi ikadali chinthu chakutali.

Pa chenji chimene tinalandira panali K200, ndipo iye anaitambasula n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti mayi ali pamenepo anagona mu mzinda womwe uno. Rose Chibambo, wa ku Kafukule m'boma la Mzimba, anasonkhanitsa amayi pa nkhondo yolimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ali mtsikana ndithu, anamangidwa mu 1959 ali ndi khanda, ndipo atamwalira mu 2016 anaikidwa ku Heroes Acre ku Mzuzu konkuno. Ndalama imeneyi ndimaigwira tsiku lililonse pogulitsa zovala, koma sindinaganizepo kuti mayiyu anayamba ntchito yake ali wa msinkhu wosatalikirana ndi wa ana amene ndadzawathandizawa.

Masana tinadya nsima ya kondowole ndi usipa wa ku Nkhata Bay pa kalesitilanti ka pafupi ndi depoti. Kondowole sindinamuzolowere, koma njala ndi kuzizira zinandithandiza.

Lachitatu, ku Chibavi

Tinabwereka chipinda cha pa tchalitchi china, ndipo tinaika makina pa tebulo la Sande sukulu. Anabwera atsikana a ku yunivesite asanu ndi mmodzi, ana a sekondale ndi a pulayimale angapo, komanso amayi awiri a gulu la amayi la pasukulu, lija aliyense amangolitchula kuti mother group. Ndinayamba ndi kudula patani pa katoni, kenako ndinawasonyeza kasanjidwe kake: flanelo pamwamba, tawelo pakati, pulasitiki pansi pake, ndi nsalu ina yophimba kunja. Chovuta kwa wophunzira ndi kukhota pa mapiko popanda kukwinya nsalu, ndipo mwana wina wa Sitandade 7, wamng'ono kuposa onse, ndiye anayamba kukhoza. Ankapukusa chogwirira ndi dzanja lamanja, lamanzere likuwongolera nsalu, lilime ataliluma, ndipo atamaliza anakweza padi yake m'mwamba kuti onse aione. Ndinawauzanso kuti akachapa aziyanika padzuwa, osati kubisa pansi pa mphasa, chifukwa chinyezi chimabweretsa matenda, ndipo amayi aja anavomera kuti nkhani ya manyazi oyanika panja akaikamba ndi makolo.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kope lachikuto cholimba limene mmodzi wa atsikanawo amasunga. Muli mayina a ana amene anasiya sukulu, kalasi imene analekezera, chifukwa chake, ndi tsiku limene anawayendera komaliza. Zifukwa zake ndi zimene tonse timazidziwa: mimba, banja, kusowa yunifolomu kapena ndalama ya mayeso, kulera odwala, mtunda wautali. Pa mayina ena pali chizindikiro chosonyeza kuti mwanayo anabwerera m'kalasi, ndipo pa ena palibe. Sanandibisire kuti opanda chizindikiro ndiwo ambiri, komanso kuti ena amabwerera teremu imodzi n'kusiyanso.

Tikudya mbatata yootcha ndinawafunsa chimene chinawalowetsa m'ntchito yosalipidwa ngati imeneyi. Wina anatchula Malala Yousafzai wa ku Pakistan, amene anawomberedwa m'mutu mu Okutobala 2012 akuchokera kusukulu m'chigwa cha Swat chifukwa cholankhula poyera kuti atsikana aziphunzira, ndipo anachira n'kudzalandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2014 ali ndi zaka 17. Koma mwana wa achimwene anati kwa iye dzina loyamba ndi la Memory Banda, Mmalawi mnzathu, amene mng'ono wake anatenga mimba ali ndi zaka 11 atachokera kuchinamwali. Memory anakana njira imeneyo, ndipo pamodzi ndi atsikana anzake a bungwe lolimbikitsa atsikana la GENET anakakamira mafumu ndi aphungu mpaka lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja. Panatsala mpata m'malamulo aakulu a dziko umene unkalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, ndipo Nyumba ya Malamulo inautseka mu Febuluwale 2017. Zonsezi anazinena osayang'ana papepala, ndipo anamaliza ndi mawu akuti, "Lamulo lilipo, azakhali, koma silikwera njinga kupita kumudzi. Timalinyamula ndife."

Ine ndinakula nthawi imene mtsikana sankayankha akuluakulu akamakamba za tsogolo lake. Kuona ana a zaka 20 akudziwa malamulo a dziko lawo motere, ndiponso akudziwa khomo loti agogode, kunandipatsa ulemu waukulu pa iwo.

Lachinayi, kupitirira Ekwendeni

Lero anandipempha kuti ndiwaperekeze, chifukwa pa nkhani ngati imeneyi kukhala ndi munthu wa imvi kumathandiza kuti alandiridwe. Tinakwera minibasi mpaka pa Ekwendeni, ulendo wa makilomita pafupifupi 20, ndipo tinadikira nthawi yaitali kuti idzaze. Ekwendeni ndi malo a mishoni yakale ya Livingstonia, pali chipatala ndi sukulu, kuphatikizapo sekondale ya atsikana, ndipo anthu a kumpoto amanyadira ndithu kuti kwawo sukulu inafika msanga. N'chifukwa chake zinandipweteka kuti pa mtunda wochepa kuchokera pamenepo tinkapita kukaona mwana amene maphunziro ake anadukira panjira. Kuchokera pa siteji tinakwera njinga zamoto mu msewu wafumbi umene mvula yowaza inausandutsa woterera, ndipo ndinatseka maso pa mlatho wina wamitengo, nditagwira jekete la mnyamata woyendetsa ndi manja onse awiri.

Mwanayo ali ndi zaka 16. Anasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera imene ili kutali ndi kwawo, choncho makolo anamupezera kanyumba ka lendi pafupi ndi sukulu, kumene ankakhala ndi anzake awiri, kudziphikira okha popanda wamkulu wowayang'anira. Ufa ukatha pakati pa teremu, mnyamata wina wobwera kuchokera ku Joni ankamugulira sopo ndi ndiwo. Anatenga mimba ali Fomu 2, makolo anakamutula kwa mnyamatayo, a kuchimuna anapereka ng'ombe ziwiri za malowolo, ndipo mwamunayo anabwerera ku Johannesburg khanda lisanabadwe. Tinamupeza pakhomo pa makolo ake, kumene anabwera atamva kuti tikubwera, mwana ali kumsana, maso ali pansi.

Tinakhala pamphasa, abambo ake ndi nduna ya amfumu anakhala pamipando. Zokambirana zinali zosakaniza Chitumbuka ndi Chichewa, ndipo mmodzi wa atsikanawo, wa kwawo ku Rumphi, ankandinong'oneza pamene ndasochera. Ndinkaopa kuti ana a sukuluwa ayamba ndi kuopseza za apolisi, zimene zikanatseka makutu a bamboyo nthawi yomweyo. Sanatero. Mtsikana wa ku Rumphi uja anagwada, anawomba m'manja, napereka moni kwa aliyense monga mwa ukulu wake, ndipo anayamba ndi kufunsa za thanzi la khanda ndi za zokolola. Atafika pa nkhani anati, "Adada, sitinabwere kudzakuweruzani. Tabwera kudzafunsa ngati mwana wanuyu angabwerere kusukulu, ndi kumva chimene chikukuvutani kuti tithandizane."

Bamboyo analankhula nthawi yaitali, ndipo sindinganene kuti anali munthu woipa. Anati ng'ombe imodzi anaigulitsa kale pogula feteleza ndi kulipira ngongole, ndipo akamutenga mwanayo, a kuchimuna adzafuna ng'ombe zawo. Anafunsanso kuti khandalo adzalera ndani mayi wake akakhala m'kalasi, ndiponso kuti ophunzira angati a m'mudzimo ali ndi satifiketi ya Fomu 4 koma akungokhala. Funso lomalizali linali lolemera, ndipo ndinaona atsikanawo akuyang'anana. Anayankha ndi mwana wa achimwene. Sanalonjeze ntchito. Anati mwamunayo wapita ndipo sakutumiza kanthu, choncho mwanayu ndi khanda lake adzabwerera m'manja mwa bambo omwewo, kaya ali ndi sukulu kaya alibe, ndipo n'kwabwino abwerere akudziwa kuwerenga mankhwala a mwana wake, kusunga ndalama za geni ndi kulemba kalata yofunsira maphunziro a unamwino kapena uphunzitsi. Anafotokoza kuti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana amene anabereka kubwerera kusukulu, ndipo kuti pamaso pa lamulo ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 si ukwati. Anatchulanso Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, imene inathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankawavomereza, pofuna kusonyeza kuti nkhaniyi si ya ana a sukulu okha, mafumu nawo anaigwira. Nduna ija inagwedeza mutu, niti amfumu a m'deralo nawonso ali ndi malamulo awo a m'mudzi pa nkhani yomweyi.

Ine ndinalankhula mawu ochepa. Ndinauza mayi a mwanayo kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo kuti yunifolomu ndisoka ndine ndisanabwerere ku Lilongwe. Mayiwo, amene anali chete nthawi yonseyi, anati khandalo alera okha chifukwa layamba kale kudya phala. Pamenepo m'pamene atsikanawo anatembenukira kwa mwini nkhani ndi kumufunsa chimene iye akufuna, ndipo anadikira osamufulumizitsa. Anayankha motsitsa mawu kuti akufuna kulemba mayeso a JCE, ndipo kuti makope ake sanawataye. Analowa m'nyumba n'kutuluka nawo m'jumbo, ena atadyedwa ndi chiswe m'mphepete.

Bamboyo sanavomere ndipo sanakane. Anati nkhani ya ng'ombe ikakambidwe pabwalo la amfumu, a kuchimuna ali pomwepo. Anatipatsa nkhuku yoti tinyamule, ndipo atsikanawo anaikana mwaulemu, akuti aphikire khanda msuzi. Tinafika ku Mzuzu usiku, nsana ukundiwawa, nsapato zitadzaza matope.

Lachisanu, ku Luwinga

Ndinadzuka mochedwa thupi lonse likuphwanya, koma mwana wa achimwene anali atapita kale m'kalasi, ndipo masana anabwera kudzanditenga kuti tikaonane ndi aphunzitsi aakulu a sukulu ina yoyendera ya mu mzinda muno. Maganizo a atsikanawo ndi oti mwana uja asabwerere ku sukulu yake yakale, kumene anzake angamamuseke, koma adzakhale kwa azakhali ake amene ali ndi nyumba ku Mchengautuwa. Tinadikira pabenchi kunja kwa ofesi mpaka belu lowerukira litalira. Aphunzitsiwo poyamba anati malo mulibe, kenako atamva kuti atsikanawo akudziwa ndondomeko yonse anafewa, ndipo anawauza makalata amene akufunika kuchokera ku sukulu yakale ndi ku ofesi ya maphunziro. Mwana wa achimwene analemba zonse m'kope lija, nafunsanso tsiku loti abwere nazo.

Pobwerera tinayenda pansi kuti tisunge ya kabaza. Anandiuza kuti kagulu kawo kanabadwa ndi zimene anaona nthawi ya Covid-19, sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020, iye ali ku sekondale. Kafukufuku wa boma chaka chimenecho anapeza mimba za atsikana zoposa 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yochepa chabe, ndipo atatsegulira, madesiki a anzake ena anali opanda eni. Ngakhale mliriwo usanabwere, kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anasonyeza kuti atsikana 42 pa 100 aliwonse m'dziko muno ankalowa m'banja asanakwanitse zaka 18. Ndinamufunsa ngati satopa. Anati amatopa, ndipo kuti pali anyamata amene amawanyoza kuti adzasowa owakwatira, komanso bambo wina anawathamangitsapo ndi chikwanje. Nkhani zoopsa ngati zimenezo sazigwira okha, amaimba pa nambala yaulere yothandiza ana ya 116 kapena kukauza a zachitetezo cha ana. Ndinamuyang'ana akudumpha zithaphwi, chikwama cha mabuku chili kumsana, ndipo ndinakumbukira kuti ndi mwana yemwe uja ndinkamusokera madiresi a Khirisimasi.

Loweruka, ku Chibavi

Tinamaliza mapadi okwanira ana onse amene anabwera, aliyense atatu ndi kathumba kosungiramo, ndipo ine ndinakhala pambali kusoka yunifolomu. Muyeso ndinautenga ndi maso ndi chingwe Lachinayi lija, ndipo ndasiya mpindiro waukulu kuti adzafutukule akanenepa. Mwana wa Sitandade 7 uja tsopano akuphunzitsa anzake kulowetsa ulusi ndi kudzaza bobini, ndipo amayi a mother group atenga mapatani a katoni kuti akayambe ndi amayi anzawo kusoka pamanja.

Makinawa ndaganiza zowasiya kuno mpaka kumapeto kwa teremu, popeza kunyumba ndili ndi ena opalasa ndi miyendo. Ndawasiyira botolo la oyilo, masingano a saizi 14 ndi 16, ndi malangizo oti asamasoke pulasitiki ndi singano yobuntha. Mlamu wanga wavomera kuti azisungidwa kwake ndipo azitengedwa Loweruka lililonse.

Madzulo nduna ija inaimba foni kunena kuti amfumu aika bwalo Lachitatu likudzali, ndipo a kuchimuna avomera kubwera, ngakhale kuti akuumirirabe za ng'ombe zonse ziwiri. Atsikanawo anagawana ntchito pomwepo: wa ku Rumphi ndi mnzake adzapita kubwaloko pamodzi ndi mayi mmodzi wa mother group, wina adzatsatira makalata ku sukulu yakale, ndipo mwana wa achimwene, amene ali ndi mayeso Lolemba ndi Lachiwiri, adzakaonana ndi azakhali a ku Mchengautuwa kuti amve ngati angamusungedi mwanayo sukulu zikamadzatsegulira mu Seputembala. Ndalama ya njinga zamoto za Lachitatu inali isanakwane, choncho ndinawonjezerapo imene ndinasungira khofi wa Mzuzu woti ndikapatse anzanga a kumsika kwathu, ndipo anailemba m'kope pansi pa dzina langa.